Tinawalira a Gondwe Ali Moyo

Mpaka lero ndikamadutsa m'Chiputula, amayi ogulitsa tomato amakodolana n'kumati, "Awo ndi aja anapha a Gondwe." Sindinaphe munthu ine, ndipo a Gondwewo ali moyo, m'mawa womwe uno amasesa pakhomo pawo. Koma poti nkhaniyi anthu akuikometsera mopitirira, ndati bola ndiulule ndekha.

Ndine mphunzitsi pa sekondale ina muno mu Mzuzu, kwathu ndi ku Dedza. Nditangofika ndinasaka nyumba mpaka nsapato kutha, chifukwa yunivesite itayamba kukula, kachipinda kalikonse, ngakhale kosungiramo makala, kanalowa ophunzira. Amene anandimvera chisoni ndi a Gondwe ndi akazi awo, a Nyachirwa. Anandipatsa kanyumba ka kuseri, mumpanda mwawo momwemo. Lamulo linali limodzi lokha. "Asambizgi," anatero a Nyachirwa, kunditchula aphunzitsi m'Chitumbuka chawo, "kuno phokoso yayi." Ndinalumbira kuti ine ndi munthu wa mabuku.

Chaka chimenecho ahedi anandipatsa gulu la zisudzo kuti tikapikisane ndi masukulu ena. Anzanga ankakonza masewero a katangale ndi a mimba za ana asukulu. Ine (kudzimva kuphunzira kumeneko) ndinati tichita sewero la Agiriki akale lomwe ndinaphunzira ku koleji, ndipo ndinalitembenuzira ndekha m'Chichewa. Masewero amenewa ali ndi mwambo wake. Munthu safera pamaso pa oonera. Amafera kuseri, kenako wamthenga amabwera chothamanga kudzanena, ndipo gulu loimira anthu a mumzinda limalira pamodzi. Eni ake ankavalanso zigoba kumaso, koma zimenezo ahedi anakaniratu: "Makolo adzati Mchewa watibweretsera gule."

Gulu langa lolira linali la atsikana khumi ndi awiri, wotsogolera ali Tiwonge wa Folomu 3. Mawu onse ankawadziwa pamtima, koma kulira kwake kunali kwa mphaka wokhuta.

Loweruka lomaliza tisanapikisane, holo ya sukulu inatengedwa ndi ukwati. Sabata imeneyo a Gondwe anali atagonekedwa kuchipatala ndi matenda a shuga, a Nyachirwa akuwadikirira komweko, ndipo makiyi a nyumba yaikulu anasiyira ine kuti ndizitsekula mawindo. Satana sanavutike nane. Ndinangoyang'ana makiyi aja, n'kukumbukira kukula kwa pabalaza pawo, basi.

Poyamba tinatulutsa mipando yonse ndi tebulo n'kuziika panja, kuti atsikana apeze poyenda. Kenako ndinawauza amange zitenje ndi mipango kumutu, poti Agiriki ankavala nsalu zongodzikulunga. Nsapato anazivula n'kuziunjika pakhomo. (Inu owerenga mwaona kale kumene tikulowera. Ine wa digiri sindinaone kanthu.)

Tinayamba. Kulira kuja kunali komweko kwa masiku onse, ndipo ndinapsa mtima.

"Mfumu yanu yafa, inu mukulira ngati mwataya bolopeni! Lirani ngati mwafedwa!"

Tiwonge anandiyang'ana mwachidwi. "Aphunzitsi, mukufuna tilire vya m'buku, kapena ngati kukaya?"

"Ngati kwanu kumene."

"Sure, aphunzitsi?"

"Ndati lirani!"

Abale inu, ana aja analira. Tiwonge anaika manja kumutu n'kuyambitsa ndi mawu okwera, "Adada ŵithu mwe! Mwatileka na njani?" Anzake anapolokeza onse pamodzi mpaka malata kunjenjemera. Mumtima ndinati chikho cha mpikisano ndi chathu.

Mnyamata wochita wamthenga sanabwere, choncho mbali yake ndinaitenga ine. Pofuna kuti wefuwefu wake akhale weniweni, ndinatulukira kageti ka kuseri, n'kuthamanga kuzungulira mumsewu, n'kudzalowera geti lalikulu manja ali kumutu, ndikukuwa: "Wapita! Watisiya! Ndamuona ndi maso angawa, sadzukanso!" Mayi wina wa tomato tsidya la msewu anagwetsa beseni. Ndinaganiza kuti wagoma ndi luso langa. Ndinalowa, n'kutseka chitseko, ndipo sewero linapitirira pafupifupi ola lathunthu.

Chimene ndinayamba kudabwa nacho n'chakuti mawu olira ankachuluka kuposa atsikana anga. Kenako chitseko chinatseguka, n'kulowa amayi achikulire, chowerama, akubuma, n'kukhala pansi pakati pa ana aja. Tiwonge anandiyang'ana maso ali tong'o, koma sanasiye. Mwana woleredwa bwino angasiye bwanji kulira akuluakulu atabwera kudzamuthandiza?

Ndinasuzumira panja. Mumsewu anali ataikamo kale masamba uku ndi uku. Azibambo anali atakhala pa mipando ya a Gondwe ija, zipewa zili m'manja. Pafupi ndi geti panali mulu wa nkhuni. A Mkandawire, mkulu wa mpingo wa a Gondwe, anandigwira dzanja ndi manja awo onse awiri.

"Pepani chomene, asambizgi. Tamva kuti uthenga mwabwera nawo ndimwe. Thupi lifika nthawi yanji? Ku Rumphi taimba kale foni, abale akusaka lole."

Chomwe chinatuluka m'kamwa mwanga n'chakuti, "Bambo, ndi sewero." Koma ndinanena motsitsa kwambiri, ndipo a Mkandawire anangogwedeza mutu mwachisoni n'kuti, "Inde, moyo uno ni sewero nadi."

Ndisanapeze mawu ena, njinga ziwiri za kabaza zinaima pa masamba paja, eni ake n'kutsika kuti azikankhe, monga mwa ulemu wa pamaliro. Pambuyo pawo pankabwera a Nyachirwa atasenza beseni ndi fulasiki, ndi a Gondwe, atawatulutsa kuchipatala masana omwewo. Mkuluyo ataona khamu pakhomo pake anavula chipewa. Anawerenga m'mutu anthu okhala mumpandamo, n'kupeza kuti amene akanafa ndi mmodzi yekha.

"Asambizgi ŵithu!" analira a Gondwe, misozi ili chuchuchu. "Mwana wa eni, kufera kutali na kwawo!"

Azibambo atatembenuka n'kuona womwalira akulowa pageti akulira, panalibe wotsanzika mnzake. Wina analumpha mpanda, wina anathawa ndi mpando. A Mkandawire anangotsala chiimire, akupemphera maso ali otsekula. Ine ndi a Gondwe tinayang'anizana, aliyense akudabwa kuti mnzake akupuma.

Kufotokoza kwake kunali kowawa kuposa kuzula dzino. Ndinagwada pafumbi pamaso pa Chiputula yense, n'kuyamba kunena za Agiriki, za wamthenga, za holo ndi ukwati. A Nyachirwa sanakweze mawu, ndipo ndi chimene chinandiopsa kwambiri.

"Lamulo linali limodzi, asambizgi. Limodzi pera. Yambani kumanga katundu."

Apo ndiye ndinafuna kulira zenizeni. Ndinadziona ndikuyendanso Katawa ndi Msongwe yense, matiresi kumutu, kupikisana ndi ana a yunivesite.

Anandipulumutsa ndi womwalirayo. A Gondwe anali atakhala pa mpando wawo panja pomwepo, akufunsa a Mkandawire mmodzimmodzi amene anabwera. Atamva kuti nkhuni zija anabweretsa ndi neba wina amene sankalankhulana naye zaka zambiri chifukwa cha malire a puloti, anayamba kupukuta m'maso.

"Nyachirwa, muleke mwana uyu," anatero. "Munthu saona maliro ake. Ine ndaona, ndipo anthu anabwera."

Lole ya ku Rumphi inafika dzuwa lisanalowe, anthu akuimba nyimbo za maliro. Anakhala masiku anayi, poti ulendo wautali chotero sungangobwerera pageti. Bedi langa anagonapo amalume awo a a Gondwe, ndipo m'mawa uliwonse ankandifunsa ngati lero kulinso womwalira.

Ku mpikisano tinakhala achinayi. Oweruza anati sewero linali labwino, koma atsikana anawonjeza kulira, palibe munthu amalira choncho.

Nyumba ndikukhalabe, koma a Nyachirwa anaikapo lamulo lachiwiri, ndipo ananena akundiloza ndi chala.

"Tsiku limene adada aŵa adzapitedi, tidzalira, anthu adzati ni sewero la asambizgi, osabwera. Mudzayenda ndimwe, khomo na khomo, Chiputula yose, kuwauza kuti ulendo uno ni zoona."

N'chifukwa chake mukadzabwera kwathu m'mawa mudzandipeza pawindo la a Gondwe, choko chili m'thumba, ndikufunsa ngati amwa mankhwala. Shuga wa m'nyumba mwawo amasungidwa kwa ine. Mu Mzuzu monse muno palibe munthu amene amawafunira moyo wautali mkulu ameneyu kuposa ine.