Tokyo pa Kapinga wa Bwana Chingwe

Nzeru imeneyi inabadwira ku bara ya ku Lwendulu, komboni ya mgodi wa malasha ku Wanki, Lachisanu madzulo m'chaka cha 1956, ndipo mzamba wake anali mowa wa masese. Mbava zake zinali zitatu, ngati tingazitche mbava, poti kufikira tsikulo chachikulu chimene zinabapo chinali bakha wotsimphina.

Mtsogoleri anali Kassimu, amene Wanki yense ankamudziwa kuti Sajeni Tokyo. Ankamwera masese m'kapu ya tiyi kuti Asilamu anzake akamadutsa aziyesa mahewu. Ku usilikali anapitadi, osamunamizira, koma anathera pa Mombasa pomwe malungo anamugwetsa asanaone n'komwe sitima ya pamadzi. Atabwera kumgodi wa malasha anayamba kusimba za Tokyo, ndipo bodzalo linamudyetsa zaka zinayi mpaka linamupezera mbeta, Aziza, mwana wa Che Hamadu atelala.

Koma Che Hamadu sanali munthu womeza zosatafuna. "Woyenda sabwera chimanjamanja," anatero. "Lamulungu ankhoswe akakhala pansi, utionetse kanthu ka ku Tokyoko. Apo ayi, pakhomo pano usadzapondenso."

Kassimu ankamukonda Aziza zenizeni, moti mawuwo anapita nawo ku bara kuja kwa anzake awiri.

"Musadandaule, Sajeni," anatero Laiton, wamtali wowonda amene tinkamuti Kandulo. Iyeyu anatchetchapo kapinga kumayadi, kwa mzungu woyeza migodi wotchedwa Bwana Chingwe. "Bwana uja anakhalako ku Japani nkhondo itatha. Zinthu za kumeneko zadzaza kabati. Loweruka masana amapita ndi dona ku tenesi, khukhi amathawira kwa chibwenzi ku Thomson Junction, ndipo zenera la kubafa silitseka."

"Mphindi zisanu basi," anatero Kassimu akumenya tebulo. "Kulowa, kutola, hamba, ulendo! Ife asilikali timatero."

"Nanga ine ntchito yanga?" anafunsa Stanford, mwini manja aakulu amene anamupatsa dzina loti Fosholo.

"Iwe uzinyamula thumba, ndipo usaganize chilichonse."

Loweruka dzuwa lili pamutu, anyamata anali m'kati. Kunena zoona zinayenda bwino mochititsa mantha. Anapeza mkanjo wa maluwa ndi chokupizira mphepo cha pepala, naziponya m'thumba. Ukwati unali m'manja. Chinatsala n'kutuluka basi.

Ndiye Fosholo anaganiza.

Pa kabati panali kabokosi kakuda ka magalasi awiri, pambali pake timbale ta pepala tokhala ndi tizithunzi m'mphepete. Anakaika kumaso, n'kukuwa mpaka galu wa nyumba yachitatu anayankha.

"Mayo! Muli anthu umu!"

"Khala chete, chitsiru iwe!"

"Sajeni, ndafika! Ndili mumsewu! Basi ikuyenda panjanji, ikubwera kwa ine!" Analumphira pambali n'kugwetsa mpando.

Kandulo analanda kabokosiko, nakankha kachitsulo ka pambali. Kanalira kuti kete, chithunzi n'kusintha. "Kalanga ine, anthu! Kuchuluka kuposa tsiku la mpira. Ndipo onse malaya oyera mbee! Sajeni, kodi kumeneku kulibe fumbi la malasha? Akazi awo amayanika zovala panja osadandaula?"

"Kumeneko ndiye ku Tokyo," anatero Kassimu, chifuwa chili patsogolo. "Tiyeni tsopano."

"Inu munaonako kale. Ife n'koyamba. Onaninso pang'ono, mwina muona anzanu."

"Aikona. Ine ndinaona ndi maso angawa, za m'bokosi n'za ana." Munthu ankaopa kuti akasuzumira nkhope imuulula.

Anthu a kumgodi tili ndi lamulo limodzi loposa malamulo a boma: pamzere sadumphana. Pa nyama, pa ufa, polowa pansi, aliyense ndi nthawi yake. Choncho Kandulo ndi Fosholo anapanga mzere wa anthu awiri, wina akaona chithunzi chimodzi n'kupita kumbuyo kwa mnzake. Sajeni anasanduka wowayendetsa, akufotokoza zinthu zimene sakuziona.

"Pali chinthu chachikulu chofiira chalendewera pachipata."

"Ng'oma ya mfumu imeneyo. Ndinaimenyapo."

"Chikuoneka ngati nyali."

"Usiku imakhala nyali."

"Pali phiri, pamwamba poyera."

"Amalipaka laimu chaka ndi chaka."

"Sajeni, kuno kuli azibambo awiri onenepa, avala matewera, akukankhana!"

"Mlandu wa malire umenewo. Pitirira, usawayang'anitsitse, sakondwa nazo."

Atafika pakhomo pa kachisi, Fosholo anavula chipewa, ndipo Kassimu anawalamula kuvula majombo, poti m'nyumba yopemphereramo salowa ndi nsapato. Pamenepo pokha ndi pamene ananena zoona. Mbava ziwiri zinaima ndi masokosi obooka pa kapeti wa mzungu, zikulankhula monong'ona mwaulemu.

Tsoka lake kabokosiko kankafuna kuwala. M'chipinda munali kamdima, choncho alendo athu anasendera pazenera. Pazenera Tokyo anawala. Kandulo anati nanga pakhonde? Anatsegula chitseko cha kutsogolo, Tokyo n'kuwala koposa. Fosholo anati nanga padzuwa penipeni? Pomafika pa nyumba ya mfumu yozunguliridwa ndi madzi, anali ataima pakati pa kapinga, mutu chagada, akukuwa kuti, "Mlatho! Tikuwoloka mlatho!"

Woyamba kubwera anali wam'munda wa nyumba yoyandikana. Kenako ayaya awiri ndi ngolo za ana a azungu. Kenako wogulitsa masamba, kenako anyamata ochokera shifiti ya m'mawa, nkhope zili bii. Ine ndinali wachisanu ndi chinayi, ndipo sindichita nazo manyazi. Wapolisi wa kampani, Kingston, anafika ndi chibonga chake akufunsa m'chinenero cha kumgodi kuti, "Ini lo ndaba? Kwagwanji?" Atamuuza kuti n'ku Tokyo, anakhosomola, n'kukaima kumbuyo kwanga.

Kassimu anaiwala kuti ndi mbava. Anthu makumi atatu akumumvetsera! Anakwera pa sitepe, thumba lili pamapazi, mkono wa mkanjo ukusuzumira kunja, akusimba mmene mfumu ya kumeneko inamupatsira moni wa padzanja.

Ndi pamene Aziza anatulukira pachipata, atasenza madiresi amene bambo ake anasokera dona wina. Anaona chibwenzi chake, anaona thumba, anaona zenera la kubafa lili pululu. Anaima pamzere ngati wina aliyense mpaka nthawi yake inakwana, koma kabokosiko sanakaike kumaso. Anakapereka kwa Kassimu.

"Che Kassimu, ndionetseni msewu umene munkagona."

Kothawira kunalibe. Kassimu anakweza kabokosi nasuzumira.

Munali mtsinje, ndi mitengo ya maluwa okhaokha yopanda tsamba ndi limodzi lomwe, nthambi zikuchita ngati zimukhudza pamphuno. Pansi pake mayi wina ataveka kamwana kake nsapato za matabwa ankakagwira dzanja. Munthu amene kwa zaka zinayi ankagona ndi fungo la utsi wa malasha anaiwala Aziza, anaiwala ankhoswe, anaiwala dzina lake lomwe.

"Mayo ine!" anafuula. "Kodi kumeneku kuli chonchi?"

Mzere wonse unamva. Wina kumbuyo anayamba kuseka, ndipo kusekako kunayenda mpaka kumsewu, kumene galimoto ya Bwana Chingwe inali italephera kulowa pachipata chifukwa cha anthu. Mzunguyo anatsika ndi kabudula wake woyera, nkhope ili psuu, nalunjika pa kabokosi kake. Fosholo anamutchinga ndi dzanja limodzi.

"Pepani bwana, mzere ukuyambira uko."

Apo m'pamene Kingston anakumbukira kuti ndi wapolisi, ndipo anakwiya kwambiri poti anali atabwereranso pamzere kachiwiri, kutsogolo kwake kutatsala anthu awiri okha. Kandulo anayesa kuthawa, koma kapinga wa ku Wanki mwezi wa Okutobala ndi minga yokhayokha, ndipo majombo anali m'nyumba, pakhomo pa kachisi. Anathamanga mapazi asanu n'kukhala pansi yekha.

Akumumanga, Kassimu anayang'ana pansi. "Aziza, sindinafikeko. Ndinathera pa Mombasa."

"Ndinkadziwa kalekale," anatero Aziza. "Mwezi wina munkati kuli ngamira, mwezi wina munkati kuli ng'ona mumsewu. Ofuna mkamwini woyenda anali bambo, osati ine. Dzulo munali wabodza chabe, ndipo wabodzayo ndikanakwatiwa naye. Koma mbava ayi, Che Kassimu."

Misozi inali m'maso mwake, sindikubisa. Anaipukuta ndi nsonga ya mpango, natola kabokosi pa kapinga pamene kanagwera. Bwana Chingwe anatambasula dzanja.

"Dikirani bwana," anatero Aziza. "Nthawi yanga ndinabwereketsa, sindinaonebe."

Anatembenukira kudzuwa, nakweza kabokosi kumaso. Pamene Kassimu ankatuluka pachipata pakati pa anzake, tonse tinamva kachitsulo kaja kakulira kuti kete, ndipo Aziza sanacheuke.