A Weston Duu-kwa-Duu ndi Mpira Wogonetsa Ana

Mukafika ku Chinsapo n'kufunsa mankhwala a mwana wosagona, okhalitsa kumeneko ayamba aseka kaye, kenaka akuuzani kuti mankhwalawo tinakawaika m'manda chaka chatha. Sanali a m'botolo ayi. Anali a Weston, mdala wamfupi wadazi, wokonza mawayilesi pakhonde la nyumba yawo kuseri kwa msika. Ntchito yomwe anatchuka nayo inali yogonetsa makanda powaulutsira mpira.

Eya, mpira wamiyendo! Ali mnyamata ankafunitsitsa kukhala woulutsa mpira pa wayilesi, moti anapita kukayesedwa. Anthu amati atangoyamba kuyankhula, mabwana owayesa aja anayamba kuwodzera, wina mpaka kugwa pampando. Eni ake nkhaniyi ankaikana kwamtuwagalu. "Bodza limenelo," ankatero. "Sanagwe munthu uja, anangotsetsereka." Ntchito sanaipeze, koma mawu aja anatsala nawo, otsika, onenepa, ngati chigayo chomveka patali.

Dzuwa likapendeka, amayi ankayala mphasa pakhonde paja n'kugoneka makanda awo. A Weston ankaika pansi sikuludiraiva, n'kutsokomola, mpira wa Chinsapo ndi Likuni n'kuyambika.

"Mpira uli ndi Dumisani... Dumisani wayang'ana kumanzere... wayang'ana kumanja... wampatsira Joe... Joe waganizaganiza... wambwezera Dumisani... Dumisani wauponda... akupuma kaye..."

Basitu. Mpira sunkachoka pakati pa bwalo. Panalibe kona, panalibe penate, magoloboyi mwina ankalima kuseri kwa golo. Zaka ndi zaka zigoli zinali duu kwa duu, ndipo dzina lija linachokera pamenepo. Koma ana ankagona, abale! Ena ankagona bere lili m'kamwa, ndipo amayi awo nawo ankapezeka atatsamira chipupa kukamwa kuli yasa.

Kings, mnyamata wa ku Karonga amene ankagwira ntchito yosindikiza mapepala m'tauni, zimenezi ankaziona ngati zamasewera. Anasiya kuseka atabadwa mwana wake, Tusekele. Mwana ameneyu anali ndi mawu, musamve! Kusikelo anati alibe vuto lililonse, ndi wathanzi bwinobwino. Anayesa kumubereka, kumuyimbira nyimbo zonse za kutchalitchi, kumuonetsa makatuni pa foni, koma iye maso gwa, kulira kokhakokha. Mayi ake, Beatrice, anaonda mpaka mphete kumavuka yokha. Tsiku lina anathira mchere mu tiyi, atalawa anakhala pansi n'kuyamba kulira. Madzulo ake anatsitsa chikwama pamwamba pa wadirobu.

"Bambo a Tuse, ine ndatopa. Mwezi ukatha zili chomwechi, ndikwera basi ya ku Karonga, amayi akandithandize."

"Mukakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Mpaka adzaphunzire kugona."

Kings anachita mantha. Ankadziwa anzake omwe akazi awo anapita kumudzi pang'ono chabe, n'kudzabwera mwana akuthamanga, akuthawa bambo ake ngati mlendo. Loweruka masana ananyamula Tusekele, manyazi ali tho, ulendo wa kwa a Weston.

"Madala, ndabwera ndi vuto."

"Ndalimva likukhota pa msika paja. Wasamba?"

"Ayi."

"Wayamwa n'kugeya?"

"Kuyamwa wayamwa."

"Amagona nthawi yanji?"

"Nthawi iliyonse imene wafuna."

A Weston anagwira dazi lawo. "Achimwene, munaonapo timu ikulowa m'bwalo osavala jezi, osatenthetsa thupi, nthawi yoyambira osaidziwa? Mpira umayamba nthawi imodzimodzi tsiku lililonse. Asambe, ayamwe, ageye, agone chagada. Nanga icho m'thumbamo?"

"Foni, timamuonetsa makatuni."

"Khadi yofiira! Itulukiretu."

Mawa lake Kings anabwera atatsata zonse. Tusekele anagonekedwa pamphasa pakati pa anzake, akulirabe. Dumisani anampatsira Joe, Joe anambwezera Dumisani. Kulira kuja kunasanduka kudandaula, kudandaula kunasanduka kuyasamula. Kings anaona zikope za mwana wake zikutsika.

Tsoka ilo, pansi pa mtengo wa mango pafupi pomwepo pankakhala abambo a bawo, ndipo mpira uja unali utawalowa m'magazi. Mtsogoleri wawo anali Ralph, munthu wokonda kachasu, amene anakhala akuchonderera kwa zaka kuti Dumisani angoyesako kamodzi kokha. Tsiku limenelo, kaya chinawalowa n'chiyani a Weston, Dumisani anadyetsa munthu njomba n'kudutsa mzere wapakati. Abambo a bawo anaimirira. Dumisani anayandikira golo. Ralph analephera kupirira.

"Menya mwana iwe! Chigoliiii!"

Khonde lonse linadzuka. Makanda analira ngati akuwabaya jakisoni tsiku limodzi, Tusekele akutsogolera. Amayi anamuthamangitsa Ralph ndi mapatapata mpaka anakabisala m'chigayo. A Weston sanatekeseke. Anakweza dzanja pang'onopang'ono.

"Ofusayidi," anatero ndi mawu aja. "Oyimbira akana... mpira wabwerera pakati... uli ndi Dumisani..."

Posakhalitsa onse anagonanso, Tusekele yemwe. Kuyambira pamenepo Ralph ankamvera mpirawo ataluma kolala ya shati yake.

Kings anayamba kupita ndi mwana masana a Loweruka ndi Lamulungu, komanso madzulo alionse akaweruka, dzuwa likamalowa. Beatrice anayamba kugona, masaya anabwerera, chikwama chinakweranso pa wadirobu. Koma a Weston sankakondwa.

"Achimwene, ine si bambo ake. Phunzirani nokha. Tayambani timve."

Kings anayesa. Koma munthu wake anali wokonda mpira weniweni, magazi ankathamanga. Asanathe n'komwe kupuma kawiri, Joe anali atadutsa anthu anayi.

"Imani, imani! Mwagoletsa zitatu mwana asanayasamule n'komwe! Mukuthamangira kuti? Kuli basi ikukusiyani?"

"Nanga mpira wopanda chigoli ndi mpira, madala?"

"Mwana safuna chigoli. Amangofuna amve kuti mulipo, ndipo simukupita kulikonse."

Kings anaseka, nati aphunzira mawa. Mawa lakelo linakhala mawa lina, poti a Weston analipo, ndipo kwawo kunali pafupi.

A Weston anadwala sabata imodzi yokha, nthawi ya dzinja. Uthenga wa imfa yawo unafika m'mawa Kings akupukuta nsapato. Pamaliro panadzaza anthu ngati pa msonkhano: anyamata a ndevu, atsikana obereka ana awoawo, onse akuti anagonapo pamphasa ija. Abusa atatalikitsa ulaliki, wina ananong'ona kuti mdala akanakhalapo akanati mpira uli pakati, ndipo anthu anaseka misozi ili m'maso. Ralph analira kuposa wina aliyense. "Apita osagoletsa," ankangobwereza, "apita osagoletsa."

Pobwera kumanda, Kings anakapepesa mayi Betty, akazi a malemu. Atakhala pang'ono anafunsa chimene chinkamuvuta kuyambira kale.

"Amayi, Joe ndikumudziwa, ndi uja wogulitsa makala. Nanga Dumisani anali wosewera wa timu iti?"

Mayi Betty anamwetulira, akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Anali mwana wathu woyamba. Ankadwaladwala, osagona, ndiye bambo ake ankamuulutsira mpira, akumuika iyeyo pakati pa bwalo. Anatisiya asanayambe n'kuyenda komwe. Sanapondepo pansi mwana uja, koma bambo ake amuseweretsa mpira zaka zonsezi. Ankati akaimba wenzulo yomaliza, mwana atuluka m'bwalo."

Kings anamva chisoni chachikulu, ndi manyazi pokumbukira zigoli zake zitatu zija.

Masiku otsatira Tusekele anabwerera ku zakale. Dzuwa likamalowa ankaloza njira ya kumsika, akulira mpaka mawu kusasa. Lachisanu Kings pofika kunyumba anapeza chikwama chatsikanso, chili pafupi ndi chitseko. Maso a Beatrice anali ofiira.

"Wasamba?" anafunsa Kings.

"Wasamba."

"Wayamwa n'kugeya?"

"Eya."

Kings anazimitsa foni n'kuiika pawindo. Anayala mphasa, anagoneka mwana chagada, iye n'kukhala pambali. Anatsokomola monga ankachitira mdala uja. Ulendo uno sanathamange.

"Mpira uli ndi Dumisani... Dumisani wayang'ana kumanzere... wayang'ana kumanja..."

Tusekele analirabe, koma anatembenuza mutu kuyang'ana bambo ake. Kings anapitiriza.

"Likuni yadikira kaye... Chinsapo ikulowetsa wosewera watsopano... wamfupi, wadazi... akulowa pang'onopang'ono... ndi Weston... Dumisani wamuona... wampatsira Weston... Weston wauponda... wambwezera Dumisani... Dumisani wampatsiranso Weston..."

Beatrice anali ataima pakhomo, dzanja lili pakamwa. Mpira unapita, unabwera, unapita, unabwera. Mwana anayasamula, kadzanja kake kanagwira chala cha bambo ake, kenaka kanamasuka kokha. Kings anapitirizabe kwa kanthawi mwana atagona kale, chifukwa sanafune kuwasiyanitsa awiri aja. Atatembenuka anaona Beatrice akukweza chikwama pa wadirobu, mosamala kuti chisapange phokoso.

Masiku ano khonde la a Weston lili zii. Mawayilesi omwe eni ake sanabwere kudzatenga akungochita fumbi pawindo, ndipo abambo a bawo amasewera mwakachetechete ngati pali ana ogona pafupi, ngakhale palibe. Timawasowa mdala uja, tisaname. Koma mukamadutsa m'tinjira ta ku Chinsapo dzuwa likamalowa, tcherani khutu. Nyumba iyi, nyumba iyo, mumva bambo wina akung'ung'udza chapansipansi, Weston wampatsira Dumisani, Dumisani wambwezera Weston. Ngakhale Ralph, amene tsopano ali ndi mdzukulu, amaulutsa nawo. Anzake akamunyogodola kuti agoletseko kamodzi, iye amawayang'ana moopseza, chala chili pamlomo.

"Mukufuna mpira uthe? Asiyeni asewere."