Kabotolo ka M'munda wa a Filipo

Amene akudziwa kale kuti ndi bodza amalize tiyi wake atuluke, sindifuna munthu wotsokomola pakati pa nkhani yanga. Iwe Yusufu, ndakuona ukugwedeza mnzako ndi chigongono. Khala bwino. Ine Lazaro Mtambalika chibadwire ndinanamapo kawiri kokha, ndipo kawiri konseko zinadzapezeka pambuyo pake kuti zinali zoona.

Mumandiona ndikumwa tiyi pa Nsanama pano n'kumaganiza kuti ndine munthu wamba. Ndinabadwira ku Chikweo, sukulu ndinaisiya ndisanaizolowere, kuwerenga ndinaphunzirira pa matumba a feteleza ndi zikwangwani za m'misewu, ndipo kuyambira pamenepo sindinakhalepo malo amodzi mpaka chimanga kucha: ndagulitsapo milamba ya ku Chiuta, ndakonzapo maambulera ku Ntaja, ndasenzapo katundu pa siteshoni ya Balaka masiku amene sitima inali sitima, yoti ikalira nkhuku za m'mudzi zinkaikira mazira awiriawiri. Machinga ndi Balaka ndawaponda moti mutandimanga m'maso n'kundiika dothi pa lilime, ndikuuzani mudzi wake, mwini munda, ndi mbewu imene inamukana chaka chatha. Tsiku lina ndinachoka ku Chikweo kubwera kuno mothamanga kwambiri moti chithunzithunzi changa chinatsalira m'njira, chinafika mawa lake pa kabaza, chili wefuwefu. Mukumva?

Kale munthu akasochera ankafunsa munthu mnzake. Unkayamba ndi moni, kufunsa za ana, za mvula, kumwa madzi, kenaka njira. Lero anthu amafunsa foni. N'chifukwa chake kunabwera masewera aja amawatcha jiyokashing'i, musaseke, dzinalo sindinapeke ndine. Amachita chonchi: munthu amatenga kabotolo, amaikamo kapepala ndi kanthu kachabechabe, kaya batani kaya kiyi wakale, amakabisa kutchire, n'kulemba manambala a malowo pa intaneti. Wina amalowetsa manambalawo m'foni, foniyo imanong'onezana ndi setilaiti kumwamba, ndiye pamatuluka kamuvi kokulozera kopita. Ukakapeza umalemba dzina lako pa kapepala, umachotsamo kanthu kamodzi, umasiyamo kako, n'kukabwezera pomwe wakapeza. Basi. Mphotho palibe. Anthu akuluakulu, ena a imvi zawo.

Koma kamuvi sikadziwa chitedze. Sikadziwa manda, sikadziwa kuti pakhomo pa munthu umati odi. Oyamba kumene ankalowa m'dambwe, ankadutsa pa bafa la eni ake muli munthu, wina anabwerera ku Zomba akudzikanda mpaka m'makutu. Ndiye a Nachisale, aphunzitsi ena a ku Liwonde amene ankatsogolera gulu la ochita masewerawa, anagula kabuku n'kuyamba kulemba anthu odzipereka, odziwa malo, kuti woyamba aliyense azimupatsa mkulu womuyendetsa, kwaulere. Nditamva ndinapita ndekha.

“A Mtambalika, foni muli nayo?”

“Iyayi, mayi. Foni ndine.”

Anandiyang'ana kuyambira chipewa mpaka nsapato. Anati andilemba ndi pensulo. Anati andipatsa wophunzira mmodzi, akabwerako atapeza kabotolo adzandilemba ndi bolopeni, akabwerako chimanjamanja adzandifufuta, n'kundilemba tsamba lakumbuyo, la ophunzira. Inu simungamve kulemera kwake. Ine moyo wanga wonse dzina langa linalowapo m'buku kawiri, pa ubatizo ndi ku chipatala tsiku lomwe njinga inandigwetsa pa Mpiri. Ili linali buku loyamba kundilemba chifukwa cha chimene ndimadziwa.

Wophunzira wanga anali Mayi Nambewe a ku Balaka, namwino wopuma pa ntchito, aafupi, osalankhulalankhula, a ambulera yakuda. Mwana wawo anawagulira foni n'kuwauza kuti aziyenda chifukwa cha bipi. Kabotolo kathu kanali ku Rivirivi, mwezi wa Meyi, thonje litayera mbee minda yonse.

Ulendo wake ndisakuuzeni, mungati ndikuwonjezera. Titatsika minibasi n'kulowa njira ya kumunda, mtsinje wa Rivirivi unandizindikira, unakweza madzi ake ngati mayi akukweza chitenje podutsa pamatope, tinawoloka osanyowa ngakhale chala, nsato ina imene inagona panjira inadzikulunga yokha n'kutipatsa malo ikupepesa, ndipo chapamwamba ndinamva kulira kwa chinthu ngati njuchi yaikulu, kuyang'ana, setilaiti ija yatsika mpaka pa nsonga ya mlambe kudzaona munthu amene akuyenda molondola kuiposa iyo, ndinaikupiza ndi chipewa kuti ibwerere kuntchito. Mayi Nambewe sanaione chifukwa cha ambulera. Mukumva?

Tinafika pa mtengo wa masawu, m'mphepete mwa munda wa thonje. Pansi pake panali mwala wosalala, ndinakhalapo kuti ndikhuthule mchenga m'nsapato. Mayi aja anayang'ana foni, anayang'ana ine, anazungulira mbali ina, anayang'ananso.

“A Mtambalika, kamuvi kakuloza inu.”

“N'zoona, mayi. Kakudziwa mwini wake wa njira.”

Anazunguliranso, kamuvi kali pa ine. Sindinadabwe. Ndinawauza kuti foni yagonja, aiike m'chikwama, aone mmene timafunira zinthu ife a kale. Ndinanyamuka, ndinanunkhiza mphepo, ndinamva fungo la galasi kuchokera pa ngodya ya munda, ndinalowa m'thonje, ndinatukula phale limene linavundikiridwa pansi pa chitsa, ndipo taonani kabotolo, kotseka ndi chitsononkho. M'katimo muli kapepala kopindapinda ndi muzu womanga ndi ulusi wakuda.

Mayi Nambewe anaima kunja kwa munda. Anati, “Pa foni analemba kuti kathu n'kapulasitiki, ka chivindikiro chobiriwira. Ako kasiyeni. Kwathu zotere sitigwira.”

Ndinawafunsa kuti foniyo inabadwa liti. Ndinafunyulula kapepala, kanali ndi timizeremizere tosawerengeka, ndinati ndi masiginecha a azungu amene anafika kale. Ndinalemba pansi pake, Lazaro Mtambalika, zilembo zazikulu. Kenaka monga mwa lamulo la masewera, ndinachotsa muzu n'kuuika m'thumba, ndinadula batani la malaya anga n'kuponyamo.

Abale anga, inu nonse munakulira kumudzi, mwadziwa kale. Ine, mwana wa ku Chikweo, amene ndaonapo minda yotsirika kuposa tsitsi la m'mutu mwa Yusufu, ndinatenga chotsirikira munda wa munthu n'kulembapo dzina langa. Masewera a foni anandiphimba m'maso. Ndipo mukudziwa chimene chimamuchitikira munthu amene watenga kanthu m'munda wotsirika.

Ndinatembenuka kuti ndituluke. Mtengo wa masawu uwo, Mayi Nambewe awo, mapazi khumi okha. Ndinayenda, ndinayenda, kuyang'ana pansi, kabotolo. Ndinati mwina ndapotoka, ndinalunjika dzuwa, kabotolo. Ndinayenda chambuyo, kabotolo. Ndinatsinzina n'kulawa dothi, lilime linandiuza kuti ndili ku Nayuchi, ndinalawanso, linati ku Ulongwe, ndinalawa kachitatu, linati lisandinamize, silikudziwa. Ndiye ndinayamba kuyenda zenizeni, kuyenda kumene sindinayendepo chibadwire, ndinadutsa mizere ya thonje yotalika kuposa njanji, ndinamva sitima ikulira, ndinamva anthu akulankhula Chipwitikizi, ndinaona phiri la Chikala kumanja kenaka kumanzere kenaka pansi panga, zidendene za nsapato zinatha, masokosi anatha, ndinapondaponda njira imodzimodziyo mpaka inakumbika kufika m'maondo kenaka m'chiuno, moti mpaka lero anthu a ku Rivirivi amathirira dimba ndi ngalande imene ndinakumba ine ndi mapazi, ndipo chithunzithunzi changa chija, chimene tinavutika nacho limodzi zaka zonsezi, chinandiyang'ana, chinagwedeza mutu, chinatuluka m'munda chokha n'kukakhala pansi pa ambulera ya Mayi Nambewe. Icho sichinatenge muzu. Mukumva?

Si zokhazo. Manja anga anayamba kutola thonje okha. Ndikawabisa m'thumba ankatuluka, ndikawakhalira ankandigwetsa, dzanja lamanja likutola mzere uwu lamanzere mzere uwo, mothamanga moti mbewa zinkathawa ndi ana kumsana, mulu wa thonje unakwera kupitirira mlambe, mitambo inabwera kudzafunsa ngati ndi m'bale wawo. Mayi Nambewe ankandiitana, “Ndi kuno, bambo, tangobwerani,” koma mawu awo ankandifika ngati a munthu amene ali tsidya la Chiuta.

Dzuwa litapendeka anatulukira mwini munda, a Filipo, bambo woonda, kolona m'khosi, buku la nyimbo m'khwapa, akuchokera kophunzira kwaya. Anaima. Anaona thonje lotola, anaona phale lotukula, anaona ine.

“Mukutani m'munda mwanga, achimwene?”

“Ndikuphunzitsa,” ndinatero, manja akutolabe.

Mayi Nambewe anawapatsa moni bwinobwino, anafunsa za kunyumba, kenaka anati, “Pepani bambo, kabotolo ako n'kanu?”

A Filipo anagwira kolona. “Iyayi, mayi. Ine ndine wa kwaya. Zimenezo sindizidziwa n'komwe.”

“Ndiye tikatenge, tikataye?”

“Iyayi, kasiyeni. Mwina mwini wake angadzakafune.”

“Nanga abambowa atuluka bwanji?”

A Filipo anayang'ana munda wawo kuyambira uku mpaka uko, osafulumira. Anati iwo sadziwa, koma anamvapo anthu akunena kuti munthu wotere amatuluka akamaliza. Anandilozera ndi buku la nyimbo. “Mzere uwo mwaudumpha.”

Ndinaumaliza. Atakhutira anati, malinga ndi zomwe anamva kwa anthu ena, muzu ubwerere m'malo mwake. Ndinaubweza. Anandimenya kamodzi pamsana ndi buku la nyimbo, mwina pofuna kuti mbali zonse ziwiri zithandizane, n'kunena kuti, “Pitani.” Nthawi yomweyo munda uja unafota ngati chikopa cha mbuzi pa dzuwa. Ndinaponda katatu, ndili kunja. Ndinapempha kuti ndifufute dzina langa pa kapepala. A Filipo anakapinda, anakabweza m'botolo, anatseka ndi chitsononkho. Anati zolembalemba za eni ake iwo sangazikhudze.

Ndinadzikoka mpaka pa mtengo wa masawu n'kudzigwetsa pa mwala uja. Mumtima ndinkaona labala wa a Nachisale akudya dzina langa chilembo chimodzichimodzi. Mayi Nambewe anandigwira pamkono, anawerenga kugunda kwa mtima monga mwa ntchito yawo, anandipatsa madzi, kenaka anatulutsa foni.

“A Mtambalika, kamuvi kakulozanso inu.”

“Ndinakuuzani, mayi, kamandilemekeza.”

“Tanyamukani pang'ono.”

Ndinanyamuka. Kamuvi sikananditsate. Kanatsala pa mwala. Mayi aja anapinda ambulera, analowetsa nsonga yake pansi pa mwala, anatukula, ndipo kabotolo kapulasitiki ka chivindikiro chobiriwira kanali phee, kali ndi kapepala koyera ndi kiyi wakale. Analemba dzina lawo mosamala, anatenga kiyi, anasiyamo pini wa chitenje. Anandipatsa bolopeni kuti nanenso ndilembe. Ndinati dzina langa ndalilemba kokwanira tsiku limenelo.

Loweruka lotsatira tinakaonekera kwa a Nachisale. Anafunsa ngati tinakapeza, Mayi Nambewe anati tinakapeza. Anafunsa ngati mkulu wawo anawathandiza. Mayi aja anaganiza kaye, poti ndi munthu wosanama ngati ine, kenaka anati, “Anakafikapo ndi iwo poyamba. Anakakhalira kawiri.”

A Nachisale anatenga bolopeni. Pitani ku Liwonde mukaone, dzina langa lilimo, tsamba lakutsogolo, la inki. Zoona pambali pake anawonjezerapo timawu tating'ono takuti ndiziyenda ndi Mayi Nambewe nthawi zonse, poti tsopano nawonso ndi mkulu woyendetsa ophunzira, koma zimenezo n'zakuti ndiziwayang'anira.

Ukuti chiyani, Yusufu? Kukula kwa mundawo? Ndani anakuuza? Chabwino, unali ngati tiyirumu ino kuphatikiza khonde. Mayi Nambewe amanenanso kuti panalibe sitima kapena phiri, amati ndinangochita mantha nditazindikira chimene ndagwira, n'kumazungulira chitsa ndikutola thonje kuti mwini wake akabwera asandikalipire. Iwo anali ndi ambulera, sanaone bwino. Chimene sangakane n'chakuti foni inangoloza, koma amene anakhala pa kabotolo, setilaiti isanatsimikize n'komwe, ndine.

Ndipo amene akukayikabe adzabwere pano mwezi wa Meyi, adzandifune. Sadzandipeza. Dzina langa lidakali m'botolo muja, ndipo thonje likangoyera miyendo imanyamuka yokha kulunjika ku Rivirivi, kumene a Filipo, munthu wa kwaya amene zimenezi sazidziwa n'komwe, amakhala atandikonzera kale matumba.