Chikwangwani cha Magetsi pa Chinkhoswe Changa

Mukaona chinthu chatayidwa koma chikunyezimirabe, muziyamba mwafunsa chifukwa chake. Ine sindinafunse, ndipo ndinatsala pang'ono kukhala mbeta moyo wanga wonse.

Zinali m'zaka zomwe zipani zinali zitangochuluka. Loji ina ku Senga Bay inagulidwa ndi munthu watsopano, ine n'kupezako ganyu yotsuka mbale kuyambira masana. Tikusesa m'chipinda chosungiramo katundu, ndinapeza chikwangwani chamagetsi, chachitali ngati nkhafi, cha timababu tofiira tolemba mawu oyenda. Bwana anati ndikataye, poti kusintha mawu ake kumafuna nambala yachinsinsi, ndipo mwini wakale anapita nayo kwawo. Ndinakachitayadi (kunyumba kwanga).

Ndinachimangirira pa njinga mpaka pa boma kwa a Yusufu, okonza mawailesi. Atatsegula anapeza kakompyuta kakang'ono komatidwa ndi zinthu zakuda ngati phula.

"Achimwene, ubongo wa ichi ndi wokhoma," anatero a Yusufu. "Moto ndichipatsa, chiziyaka ndi batire la galimoto. Koma mawu, wallahi, chizinena omwe chinauzidwa kale. Ndiponso m'katimu muli wotchi yake."

Za wotchizo zinalowa khutu ili n'kutulukira linali. Nditalumikiza batire, chinalemba kuti WELCOME, kutanthauza kuti takulandirani. Ndinkachiyesa m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, ndipo sichinanenepo china. Ndiye ine ndi nzeru zanga ndinati basi, chinkhoswe changa chikhala choyamba kwathu ku Maganga konse kulandira alendo ndi magetsi.

Ndinkafuna kukopa mtima wa a Phiri, bambo ake a Esinati, bwenzi langa. Anali mkulu wa mpingo wodana ndi mowa moti ngakhale thobwa likagona ankalikayikira. Anali atandilola monyinyirika, ati anthu ogwira ntchito m'mahotela ndi zidakwa zokhazokha. Ine chikhalirecho sindimwa.

Tsikulo litafika, ndinapachika chikwangwanicho pamwamba pa chisakasa, moyang'ana kumsewu. Batire ndinalibisa pansi pa tebulo loyalidwa nsalu. Anthu anachita kuima m'mphepete n'kumachiwerera. Ngakhale a Phiri ndinawaona akumwetulira chakumbali, ine mtima m'malo.

Mwambo unachedwa kuyamba, monga mudziwa zinkhoswe. Cha m'ma folo koloko analowetsa amayi atatu ofundidwa zitenje kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kuti ndilozepo wanga. Esinati ndinali nditamudziwa kale ndi zala zakumapazi. Ndikuti ndidzuke, ndinamva msuweni wanga yemwe amaperekera zakumwa ku hotela akutsamwa ndi chiseko.

Nditacheuka, WELCOME uja anali atapita. Chikwangwanicho chinali chikuphethira n'kumalengeza m'Chingerezi kuti nthawi yachisangalalo yakwana, mowa wonse theka la mtengo. Panalinso kachithunzi ka botolo likupendama, kuti ngakhale amene sanapite kusukulu asatsalire.

"Kodi chikuti chiyani chimenechi?" anafunsa a Phiri, ngakhale Chingerezi ankachimva bwino lomwe.



Ndinakwera pa mpando n'kuyamba kudina mabatani. Chinafunsa nambala yachinsinsi. Ndinayesa chaka chomwe ndinabadwa (ngati kuti mzungu uja ankachidziwa), chinakana. Ndinayesa nambala ya nyimbo yomwe tinali titangoimba. Apo chinalira kuti piii, n'kusintha uthenga: usiku uno kuli disiko, akazi alowa ulere.

Mudzati bwanji osangozula batire. Patebulo paja panali patakhala apongozi aakazi, batire lili kumapazi kwawo. Ndi mkamwini uti angakwawire kumiyendo ya apongozi ake anthu akuona? Ndinasankha kufa ndi manyazi enawo.

Ngati kuti zimenezo sizinakwane, mumsewu munkadutsa asodzi ongotsika kumene ku Mbenji. Pachilumbapo mowa suloledwa, ndiye mutha kuganiza ludzu lomwe anali nalo. Ataona botolo lija anakhotera pabwalopo onse, zikwama zili kumsana.

"Odi kuno eni bala! Wa thekayo tiyambire pati?"

Mutu unasiya kugwira ntchito. Ndinangoganiza zophimba chinthucho, ndipo nsalu yomwe inali pafupi ndi dzanja langa ndinaitsomphola n'kuiponya pamwamba pake.

Nthungululu zinasweka.

Chitenje ndinatsompholacho chinali chofunda mmodzi wa amayi atatu aja, ndipo pamwambo, amene wamuvundukula ndiye kuti wamusankha. Amene anatulukira anali a Nabanda, azakhali ake a Esinati, mayi wogulitsa usipa, wazidzukulu zake kale. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato zobwereka.

"Zikomo amuna anga," anatero. "Koma mwaonda. Ndikakunenepetsani."

Bwalo lonse linagwa ndi phwete, asodzi aja n'kumaomba m'manja. Esinati ankagwedezeka m'chitenje mwake, ine osadziwa ngati akulira kapena akuseka. Mantha anandigwira zenizeni, ndinaona kuti ukwati wathera pomwepo.

Ankhoswe anakokerana kuseri kwa nyumba, ndipo anakhalitsako. Asodzi anapatsidwa thobwa, anamwa monyinyirika n'kumapita. Pamapeto pake a Phiri anandiitana, ine n'kugwada patali.

"Munthu womwa akadadziwa nthawi yomwe mowa umatsika mtengo," anatero. "Inu simunadziwe. Ndinu wopusa, koma si chidakwa. Mwana wanga mumutenga. Chinthu chanucho chitsale kuno, chisakaonongenso ena."

Sindinayambe ndasangalalapo chotero ndi kutchedwa wopusa.

Ndinkayesa akachikwirira kudzala. Lamulungu lotsatira ndinachipeza pamwamba pa khomo la tchalitchi, chikulandira Akhristu mwaulemu wonse, a Phiri ataima pansi pake monyadira ngati anachipanga okha. Mkamwini sachuluka mawu. Ndinangoona kuti kuyambira tsiku limenelo, msonkhano uliwonse wa pampingo, ngakhale nkhani itavuta bwanji, folo koloko ikamayandikira a Phiri ankadzuka mwaphuma n'kunena kuti, "Abale, titseke ndi pemphero."