Ndikubweza Mwala wa Lole Nambala 7

Kwa Olemekezeka Bwana Woona za Chitetezo cha Antchito,
Kampani Yonyamula Katundu ya Tafikabwino.

Bwana,

Pepani kuti ndalowa mu ofesi yanu ndisanagogode. Ine ndine mkazi wa dalaivala wanu wa lole nambala 7, amene anzawo ankawatcha a Giyawani. Tinawaika m'manda masabata atatu apitawo. Ntchito yanga ndi yosunga mabuku m'laibulale, ndiye za malole sindidziwa kanthu. Ndimangodziwa kuwerenga ndi kubweza chinthu pamalo pake. Lero ndabwera kudzathokoza, komanso kudzabweza katundu wanu.

Choyamba, zikomo chifukwa cha nkhata ya maluwa. Inaposa zonse kukula, ndipo dzina la kampani linkawerengeka ngakhale kwa amene anaima kumbuyo. Alamu anga, amene sadziwa kunong'ona, anati nkhatayo ndi yofanana ndi tayala la lole, ndipo ndi tayala lokhalo latsopano limene munawagulirapo achimwene awo. Ndinawadzudzula, Bwana, koma nditamaliza kuseka. Kanali koyamba kuseka sabata imeneyo, ndiye apanso ndikuthokoza.

Chachiwiri, zikomo chifukwa cha kabuku kanu ka malamulo a chitetezo. Ndawerenga mabuku ambiri, koma ndi ochepa amene anthu ake onse amafika kumapeto ali bwinobwino ngati m'kabuku kanu. Tsamba 14 likuti dalaivala asatsike asanakoke buleki ya pamanja. Amuna anga ankaikoka. Inkakwera msanga ngati mkono wa mwana wasukulu wodziwa yankho, kungoti sinkagwira kanthu. Wolemba wanu sanatiuze zochita zikatero. Amuna anga analemba za bulekiyo m'buku la zowonongeka maulendo khumi ndi kamodzi. Ndikudziwa chifukwa ankadzandifunsa kalembedwe ka mawu ena, ine n'kumawaseka kuti zilembo zawo zimayenda ngati lole yolemedwa mbali imodzi. Yankho la kugalaja silinkasintha: chipangizo chaitanitsidwa. Tsopano yatha miyezi khumi ndi inayi. Ndikuganiza kuti chipangizocho chikubwera wapansi, ndipo ndikuchifunira ulendo wabwino.

Chachitatu, chikwangwani cha pageti panu. Tsiku limene ndinabwera kudzatenga katundu wa malemu, chinkanena kuti mwatha masiku 512 popanda ngozi. Mlonda anandifotokozera, maso ali pansi, kuti ngozi yathu inachitikira pamalo a kasitomala, choncho siwerengedwa. Sindikudandaula ayi. M'masamu anu amuna anga akadali moyo, ndipo masamu oterewa ndimawamvetsa. Inenso masiku ena m'mawa ndimatulutsa makapu awiri.

Chachinayi ndi katoni imene munandipatsa, ndipo apa ndichedwapo pang'ono. Munali kapu yawo, magalasi owerengera, jekete yonyezimira, ndi chipewa cholimba chikadali m'pulasitiki mwake, chifukwa ankauzidwa kuti azichisunga choyera podikira tsiku la alendo. Pansi pa zonsezi panali mwala.

Mwina simunauonepo, Bwana, popeza ofesi yanu ili pamwamba. Kukula kwake ngati buledi, mbali imodzi yosalala, ina yopendekeka bwino moti imakumbatira tayala. Anautola okha m'mbali mwa msewu, n'kumauyendetsa pansi pa mpando wa pambali. Ankautcha wothandizira wawo wosapempha tchuthi. Akafika pamtsetse ankaika giya wani, n'kukoka buleki ija mwaulemu chabe, kenako n'kudumpha kukatsekereza tayala ndi mwalawo. Dzina la Giyawani linachokera pamenepo. Tsiku la ngozi lija anali atanyamula matumba a simenti. Giya inapulumuka iwo ali kumbuyo atawerama, ndipo lole sinawadikire. Mwala unapezeka pambali pawo, wosasweka ngakhale pang'ono.

Amene analongedza katoniyo anaona kuti mwalawo sukupezeka pamndandanda wa katundu wa kampani, ndiye ayenera kuti ndi wa banja. Kukhulupirika kotere n'kosowa masiku ano. Ndinautsuka, n'kuuika pashelefu kuti uzigwira mabuku asagwe. Ntchito imeneyo ukuitha bwino.

Ndikanausunga, koma dzulo kunabwera mlendo. Ndi dalaivala amene mwawapatsa lole nambala 7, amene anzawo amangowatcha bambo a mapasa. Anakhala m'mphepete mwa mpando, akupotokola chipewa chawo, nayamba za mvula, za ana awo amene angoyamba kumene kuyenda, za misewu yokumbika. Atatsala pang'ono kutsazika ndi pamene anatulutsa chimene anadzera. Anati: "Mayi, musandiyese wopanda ulemu, koma kodi mwala uja unafika kuno? Ndikumayesa njerwa, zikungofumbutuka."

Umu ndi mmene ndinadziwira kuti lole ija inabwerera pamsewu patangotha masiku anayi. Akuti munaitsuka bwino, ndipo pachitseko munamatapo chomata chatsopano chonena kuti chitetezo ndicho choyamba. Ndayamikira kwambiri. Chomatacho chikugwira, sichikusunthika ngakhale pamtsetse.

Bambo a mapasa ndinawapatsa tiyi, koma mwala ndinawamana. Anachoka akuganiza kuti ndikuukakamira chifukwa cha chisoni. Si choncho. Mwalawu ndikuudziwa pamene umalekezera. Ndikanawapatsa, bwenzi nditawapatsanso malo oweramira aja, kumbuyo kwa tayala lomwe lija.

Choncho ndautumiza kwa inu pamodzi ndi kalata ino. Mundikhululukire kulemera kwa phukusi. Pempho langa ndi laling'ono, loyenera munthu wosadziwa za malole. Uikeni patebulo panu, pamwamba pa pepala loitanitsira chipangizo chija, kuti lisauluzikenso ndi mphepo. Ndipo kufikira chipangizocho chitafika, lolani lole nambala 7 ipumule pabwalo, pamalo osatsetsereka. Yagwira ntchito yambiri, nayonso yatopa. Mayi a mapasa sindikuwadziwa, koma ndikukhulupirira kuti maluwa anu sakuwafuna.

Ngati kasitomala sangadikire, ndipo loleyo iyenera kutuluka ndithu, sindingalimbane ndi nzeru zanu. Ndingopempha kuti mukwere nawo. Mpando wa pambali ndi wabwino, ndinausokerera ndekha pamene unang'ambika. Mwala muuike pamiyendo, ndipo mukafika pamtsetse, bambo a mapasa akhale pachiwongolero, inu mutsike. Si ntchito yovuta kwa munthu wophunzira ngati inu. Mbali yosalala iyang'ane pansi. Amuna anga ankati munthu amakhala ndi masekondi atatu.

Ine wanu wodzichepetsa, amene wawerenga kabuku kanu mpaka tsamba lomaliza,

Mkazi wa a Giyawani