Masamu a Apongozi

Pali manyazi ena amene ukawakumbukira uli pakati pa munda, umaika khasu pansi n'kuyamba kuseka wekha. Anga ndinawapeza m'kalasi, ndili kale ndi zidzukulu.

Ndimalima mbatata ya kachewere kuno ku Tsangano. Sukulu ndinalekezera Fomu 1 kalekale, ndiye ana atakula ndinakalembetsa sukulu ya masana, ija imayamba a sekondale akaweruka. Zonse zinkayenda bwino mpaka aphunzitsi athu a masamu atasamutsidwa. Tsiku limenelo chitseko chitatseguka, amene analowa atagwira choko anali bambo a Chisomo, mwamuna wa mwana wanga. Mkamwini wanga weniweni, amene tikakumana panjira amapatukira kutchire (kwathu kuno mkamwini ndi mpongozi sayang'anizana m'maso). Atandiona, choko chinagwa. Ine ndinangoti maso pa desiki ngati pali nyerere.

Analemba pa bolodi 2x + 3 = 11, n'kufunsa akuyang'ana kudenga, "Ndani angatipezere x?"

Mwatsoka duku langa linamasuka nthawi yomweyo. Nditakweza manja kuti ndilimange, achinyamata a kumbuyo anakuwa, "Amayi akweza mkono! Amayi apite!" Munthu wamkulu sangaimirire n'kumafotokoza za duku. Ndinapita.

Ndinkakumbukira kuti 3 amayenera kuwoloka kupita tsidya lina la timizere tiwiri tija. Ndinamuwolotsa bwinobwino pamodzi ndi pulasi wake. 11 kuphatikiza 3, ndi 14. Kugawa ndi 2, ndi 7. Yankholo ndinalitsekera m'kabokosi, n'kudzisasa fumbi la choko ngati katswiri.

Bambo a Chisomo anakanda m'mutu, kenako anati, "Eee, amayi ayesetsa kwambiri. Tiwaombere m'manja." M'manja munalira. Iwo anafufuta bolodi msangamsanga n'kunena kuti nthawi yatha (ine ndinkati akuthamangira kukauza mkazi wawo za nzeru za kuchikazi).

Pobwerera kunyumba mapazi sankagunda pansi. Mnzanga Nangozo, wogulitsa tomato pamsika, amene timakhala desiki imodzi, anati, "Anzanga, ndigawireniko nzeruzo." Tinaima panjira, ine n'kumalemba m'dothi ndi kamtengo. "Masamu savuta," ndinamuuza. "Ingonyamulani nambala, muiwolotse momwe ilili."

Tsiku lotsatira pa bolodi panalembedwa 3x + 6 = 21. Nangozo sanadikire kuitanidwa. Anawolotsa 6 ndi pulasi wake, anapeza 27, anagawa ndi 3, n'kulemba 9 wamkulu ngati dzungu.

"Mwalakwa mayi," anatero bambo a Chisomo mosazengereza. "6 akawoloka amasanduka mainasi."

"Ndalakwa bwanji?" Nangozo anagwira m'chiuno. "Njira imeneyi andiphunzitsa ndi apongozi anuwa. Si dzulo lomweli munatiombetsa m'manja? Kapena masamu a apongozi ndi ena, athu ndi ena?"

Kalasi yonse inafa ndi phwete. Munthu wanzeru akanakhala chete, koma ine ndinaimirira kuti nditeteze dzina langa.

"Pepani aphunzitsi," ndinatero. "Ine ndimawoloka malire kupita ku Mozambique kukaona abale, ndipo sindinasinthepo dzina. Nanga 3 asinthirenji?"

Iwo anayankha akuyang'ana pazenera, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kunkazizira. "Amayi, tiyeni timuike 7 wanu wa dzulo pamalo pa x. 2 kuchulukitsa ndi 7?"

"14."

"Kuphatikiza 3?"

"17."

"Nanga 17 ndi 11 n'zofanana?"

"Ndi pachibale," ndinatero motsitsa mawu.

Mtsikana wina anachita kutuluka panja kukasekera. Phokoso litatha, bambo a Chisomo anatifotokozera kuti masamuwa ali ngati sikelo: chimene wachotsa mbali ino, uchotsenso mbali inayo. Ukachotsa 3 konsekonse, kuno kutsala 2x, uko kutsala 8, ndiye x ndi 4. Zinali zophweka moti ndinakwiya nazo.

Madzulo ake ndinatuma mwana wanga. "Ukawauze amuna ako kuti kumudzi ndine mpongozi, koma m'kalasi ndikalakwa azindiuza. Ulemu wawowu undilepheretsa mayeso."

Uthenga unafika, ndipo mwina unafika mopitirira. Sabata yotsatira, pobweza makope, ena onse bambo a Chisomo ankangowaponyera pa desiki. Atafika pa ine anagwada bondo limodzi, nkhope atatembenuzira kukhoma, n'kundipatsa kope langa ndi manja awiri. Nditatsegula, tsamba lonse linali psuu ngati pophera mbuzi.

Apo m'pamene ndinadziwa kuti mkamwini amaopa mpongozi, koma cholembera chake chofiira sichinakwatire kwathu.