Nyali Yachikasu pa Sabata ya Ukwati

Lolemba

Nyali yayaka. Yachikasu, yooneka ngati kainjini, pa dashibodi penipeni. Masabata onse a pachaka yasankha ino!

Loweruka galimoto yangayi ikunyamula mkwatibwi, Esnart, mng'ono wa mkazi wanga, kuchoka kuno ku Kande kukafika kutchalitchi ku Chintheche. Ndinalonjeza ndekha pamaso pa abale onse, mokweza.

Apongozi aamuna, amene anakalambira pa chiwongolero cha lole, asuzumira pawindo. "Aphunzitsi, mwana wanga sakwera galimoto yodwala."

Yodwala! Galimoto imene ndimaisamala kuposa msana wanga. Ngakhale chotsekera pa thanki chili ndi tcheni ndi loko, nzeru zangazanga, akuba petulo asaone polowetsa paipi. Ndili ndi digiri ine. Pofika Lachitatu izima.

Lachiwiri

Kwa a Kamanga, makaniko wa pa Chintheche. Alumikiza kachipangizo kunsi kwa chiwongolero, awerenga pafoni: nthunzi ya petulo ikuthawira penapake. Kabowo kakang'ono. Injini ilibe vuto.

Mankhwala awo:
1. Kumata tepi yakuda pa nyali.
2. Kuimikapo chithunzi cha mwana.
3. Kusayang'anapo.

Ndiwakumbutsa kuti ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. "Ndiye mukudziwa kale zonse, bwana." Azimitsa nyali ndi kachipangizo kaja. Ndibwerera ndikuimba mluzu.

Lachitatu

Ndatenga apongozi kuti akaone okha kuti yachira. Tisanafike pamsewu watala, yayakanso! Apongozi ayang'ana nyali. Angomanga lamba.

Pa intaneti akuti malo obowoka amapezeka popopera utsi m'mapaipi ndi makina ake, n'kuona potulukira. Makinawo kuno kulibe. Apongozi aakazi aloza kuseri kumene akuwambira nsomba: "Utsi si uwo? Ingoyandikizani galimotoyo."

Petulo ndi moto! Ndawafotokozera mwaulemu kwa mphindi makumi awiri. Akuti ndimakonda kuvutitsa zinthu zophweka.

Lachinayi

Tsiku la sopo ndi mphuno. Ndagona chagada kunsi kwa galimoto, ndikupaka thovu m'mapaipi, woyandikana naye nyumba akupopa ndi pampu ya njinga. Thovu lonse lathera m'maso mwanga.

Obwera kudzathandiza zaukwati asanduka akatswiri onunkhiza. Zimene apeza:
chinangwa choviika (ndinanyamula matumba awiri sabata yatha, zaukwati womwewu)
usipa
masokosi anga, akutero mayi wina amene sindimudziwa n'komwe

Petulo palibe wamumva.

Kenako mkazi wanga, ali ndi beseni pamutu, saima n'komwe: "Kodi bambo a Tamanda, chibowo chimene munabowola pa chotsekera kuti tcheni ilowe, chimenecho sichikuwerengedwa?"

Ndakhalabe kunsi kwa galimoto mpaka anthu atabalalika.

Sindikuvomera kulakwa. Nzeru inali yabwino. Ajapani ndiwo sanaganizire za akuba a kuno.

Lachisanu

Chotsekera chatsopano chafika kuchokera ku Mzuzu, m'thumba la kondakitala wa minibasi. Ndatseka, chalira katatu. Ndaliza injini.

Nyali ikadali phee, ikundiyang'ana.

Pa intaneti akuti imazima yokha galimoto ikayenda maulendo angapo n'kudzitsimikizira kuti yachira. Makina ofuna umboni! A Kamanga? Apita kumaliro ku Usisya, kachipangizo kali m'thumba mwawo, foni siikupezeka.

Ndiye ndikuyenda. Kande, Chintheche. Chintheche, Kande. Kasanu ndi kamodzi. Anthu ayamba kundiimitsa ngati wa matola. Ogulitsa nthochi pamsewu akundiwombera m'manja ndikamadutsa.

Loweruka

Galimoto yatsukidwa, maliboni amangidwa, ine suti. Apongozi asuzumira. Yachikasu.

Atembenukira ku pikapu ya a Longwe, msuweni wa mkwati, imene imanyamula nsomba ndipo chitseko chake chimatsekedwa ndi chingwe. Dashibodi yake inafa kalekale, mawaya ali lendelende. A Longwe aliza injini. Apongozi ayang'anitsitsa.

"Mwaona? Palibe chayaka. Iyi ndiye yamoyo."

Munthu woyendetsa malole! Akudziwa bwino lomwe. Ndaona pakamwa pawo pakunjenjemera ndi chiseko.

Esnart wakwera pikapu, velo itatuluka pawindo. Maliboni anga amasulidwa, asamukira komweko. Ine ndatsata pambuyo ndi mapoto anayi, nkhuni, ndi mayi wa masokosi uja.

Lamulungu

Ndikubweza mipando yobwereka kutchalitchi. Pa mlatho, popanda mwambo uliwonse, nyali yazima.

Mboni: mipando isanu ndi itatu.

Ndathamangira kwa apongozi. Asuzumira, agwedeza mutu mokhutira. "Yewo, aphunzitsi. Muisunge choncho. Wotsatira kukwatiwa ndi Tamanda wanu."

Tamanda ali sitandade wani.

Chabwino. Ndidikira. Chotsekera chatsopanochi chilibe loko, ndipo ndaganiza kale pobowola pabwinopo. Koma chobowolera sichikuoneka. Mkazi wanga akuti sakudziwa kumene chili.